Lasagna ya tchizi: n'chifukwa chiyani ophika sagwirizana kaphikidwe kake?

Munthu wofuna kuphika koyamba lasagna, chakudya cha ku Italy cha mapepala a pasta osanjikiza ndi msuzi ndi tchizi, amasokonezeka asanayatse n'komwe moto. Kanema wina pa YouTube akumuuza kuti agule mazira ndi ricotta, tchizi chofewa choyera. Wina akuti ricotta asamuyandikire, chofunika ndi msuzi woyera wa mkaka. Pa paketi ya pasta alemba kuti musawiritse, koma mayi wa m'kanemamo akuwiritsa. Uyu akufuna tchizi chochuluka choti chizitamuka ponyamula chidutswa, pamene wa ku Bologna, mzinda wa ku Italy, akupukusa mutu kuti kwawo lasagna sitamuka.

Palibe akunama pamenepa. Anthuwa akuphika zakudya zosiyana zimene zimadziwika ndi dzina limodzi. Vuto limabwera wophika akatola pang'ono kwa uyu, pang'ono kwa uyo: mapeto ake lasagna imatuluka ikusambira m'madzi, apo ayi youma gwa, pasta wake ali wosapsa m'makona.

Chimene chimagwirizanitsa zonsezi ndi madzi. M'mbale ya lasagna muli zinthu zotulutsa madzi, monga tomato, mkaka, ndiwo zamasamba ndi tchizi chofewa, ndipo chomwa madziwo n'chimodzi chokha, pasta. Kaphikidwe kalikonse kodziwika ndi njira imene anthu a dera lina anapeza yolinganizira mbali ziwirizi pogwiritsa ntchito zimene anali nazo.

Poyamba inalibe tomato, inalibenso nyama

Lasagna ndi mapepala otambalala a pasta osanjikizidwa, okhala ndi msuzi ndi tchizi pakati pake, owotchedwa mu uvuni mpaka zonse zitagwirana moti n'kudulika ndi mpeni. Umu ndi mmene timaidziwira lero, koma sinayambe choncho.

Kaphikidwe kena kakale kwambiri kali m'buku lachilatini lotchedwa Liber de Coquina, la kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1300, limene akatswiri amati linachokera kunyumba yachifumu ya ku Napoli, mzinda wa kumwera kwa Italy. Wophika akuuzidwa kukanda ufa, kuuyala kuti upyapyale, kudula tizidutswa ta makona anayi ta mulifupi wa zala zitatu, kutiwiritsa m'madzi a mchere, kenako kutisanjikiza ndi tchizi chopala komanso zonunkhiritsa. Basi. Uvuni mulibe, nyama mulibe, ndipo ankadya pobaya ndi kamtengo kosongoka.

Nako ku England, buku la ophikira Mfumu Richard II la cha m'ma 1390 lili ndi chakudya chofanana nacho, cha pasta wosanjikiza ndi tchizi. Mu 2003 manyuzipepala a ku Britain anaitola nkhaniyi n'kumati lasagna ndi yawo, ndipo Ataliyana sanakondwe nazo. Chimene mabuku awiriwa akusonyeza n'chakuti kusanjikiza pasta ndi tchizi kunali kodziwika m'makhitchini a anthu olemera m'madera angapo a ku Ulaya. Kuti anayamba ndani, mabukuwo sayankha.

Tomato anabwera mochedwa. Kwawo ndi ku America, ndipo ku Italy anamulemba koyamba ndi katswiri wa zomera Pietro Andrea Mattioli mu 1544. Kwa nthawi yaitali anthu ankamukayikira. Msuzi wa tomato unayamba kuoneka m'mabuku a zophika ku Napoli m'zaka za m'ma 1690, m'zolemba za Antonio Latini, koma kudya pasta ndi tomato kunadzafala m'zaka za m'ma 1800. Choncho lasagna yofiira imene ambiri amaiona ngati yamakedzana ndi ya dzulodzulo poyerekeza ndi yoyera ija.

Bologna ndi Napoli

Lasagna ya ku Bologna, m'chigawo cha Emilia-Romagna kumpoto kwa Italy, ili ndi zinthu zinayi: pasta wamazira wobiriwira chifukwa cha sipinachi amene amamukandira mu ufa, msuzi wa nyama wotchedwa ragù, msuzi woyera wotchedwa besciamella, ndi tchizi cholimba cha Parmigiano Reggiano chowaza pa muyalo uliwonse. Mozzarella, tchizi chotamuka chija, mulibe. Ricotta mulibe. Kufewa kwake konse kumachokera ku msuzi woyera uja. Eni ake nkhaniyi saitenga mwachibwana: bungwe la Accademia Italiana della Cucina linakasungitsa kaphikidwe ka ragù ku ofesi ya zamalonda ya mzinda wa Bologna pa 17 October 1982, ndipo ka lasagna yobiriwira mu 2003.

Ya ku Napoli, kumwera, ndi yosiyana kutalitali. Pasta wake ndi wouma, wopanda mazira, nthawi zambiri wa m'mphepete mopindikapindika. M'kati mumalowa ricotta, tchizi chosungunuka monga provola kapena fior di latte, timibulu tating'onoting'ono ta nyama tokazinga, soseji kapena salami, ndi mazira owiritsa oduladula. Ndi chakudya cha Carnevale, masiku a madyerero otsogolera Lachitatu la Phulusa, pamene banja limadya zonona zonse lisanalowe m'nyengo ya Lenti. N'chifukwa chake ndi yodzaza chotero. Sinakonzedwe kuti izidyedwa sabata iliyonse.

Madera ena ali ndi zawo. Ku Genova amaika pesto, msuzi wobiriwira wa masamba a basil, ndipo ku Marche kuli vincisgrassi, amene msuzi wake umakhala ndi zam'kati za nkhuku. Koma zimene zinafalikira dziko lonse ndi ziwiri zija, ndipo zinadzera njira zosiyana. Pakati pa 1880 ndi 1924 Ataliyana oposa 4 miliyoni anasamukira ku United States, ambiri a iwo ochokera kumwera. Anapita ndi ricotta ndi mozzarella, ndipo atapeza kuti kumeneko nyama ndi tchizi n'zosavuta kugula, anawonjezera zonse ziwiri. Lasagna yotamuka imene imadzaza pa intaneti inabadwira kumeneko. Ku Britain ndi ku South Africa kunakhazikika ya msuzi woyera, koma m'malo mwa Parmigiano anaikamo tchizi cha cheddar. Ku Eritrea, dziko limene Italy inalilamulira kuyambira 1890 mpaka 1941, komanso ku Ethiopia, lasagna imapezeka pa zikondwerero ili ndi tsabola wawo wa berbere.

Musanagule kanthu, dziwani kaye kuti kaphikidwe kamene mukutsatira n'kochokera kuti. Kuika msuzi woyera, ricotta ndi mozzarella zonse m'mbale imodzi n'kotheka, ndipo ena amatero, koma ndiye kuti mwaika zotulutsa madzi zitatu pamalo pamene pamafunika chimodzi kapena ziwiri.

Pasta: kuwiritsa kapena ayi

Pasta alipo wa mitundu iwiri. Wouma wa m'mapaketi amapangidwa ndi tirigu wolimba wotchedwa durum, ndipo ku Italy lamulo la 1967 linakhazikitsa kuti pasta wouma wogulitsidwa m'dzikomo azikhala wa tirigu ameneyu. Wamazira amakandidwa kunyumba ndi ufa wa tirigu wamba, ndipo muyeso wa ku Emilia ndi wosaiwalika: dzira limodzi pa magalamu 100 a ufa.

Kuti pasta apse, ayenera kumwa madzi otentha mpaka sitachi wa m'kati mwake atatupa n'kufewa. Pasta wouma akapsa amalemera kuwirikiza kawiri kapena kuposerapo. Ndiye kuti paketi ya magalamu 250 imafuna madzi osachepera kapu imodzi yodzaza. Madziwo angachokere mumphika wowiritsira kapena mu msuzi, ndipo mkangano wonse wa kuwiritsa wagona pamenepa. Mukawiritsa, pasta amalowa m'mbale atakhuta kale, choncho msuzi uyenera kukhala wolimba chifukwa palibenso womwa madzi otsala. Mukapanda kuwiritsa, msuzi uyenera kukhala wamadzimadzi ndithu, ndipo pepala lililonse likwiririke mpaka m'makona, chifukwa pamene sipanafike msuzi pamatuluka polimba ngati fupa.

Mapepala olembedwa kuti safuna kuwiritsa amakhala opyapyala, ndipo ambiri anaphikidwa kale kufakitale n'kuumitsidwanso, motero amamwa madzi msanga. Ochindikala a m'mphepete mopindika aja ndi bwino kuwawiritsa, koma muwatsitse akadali olimbirapo, poti akapsanso mu uvuni. Pali njira yapakati: kuwaviika m'madzi otentha kwa mphindi 20 kapena 30 pamene mukukonza zina. Muziwasuntha, chifukwa akagundana amamatirirana ndipo powalekanitsa amang'ambika.

Ngati mapepala a lasagna sakupezeka kapena akwera mtengo, kukanda nokha si ntchito yoopsa. Ufa magalamu 300 ndi mazira 3 zimakwana mbale ya banja. Kandani kwa mphindi 10 mpaka usalale, uvundikireni upume theka la ola kuti usamabwerere m'mbuyo pouyala, kenako uyaleni ndi chogudubuzira kapena botolo loyera mpaka dzanja lizioneka mbali inayo. Mapepala otere amangofuna mphindi imodzi m'madzi owira, kenako muwayale pa nsalu yoyera. Ophika ena a ku Italy konko amawaika osawiritsa n'komwe, ndipo pamenepa sanagwirizanebe.

Ragù si msuzi wa tomato woikamo nyama

Ku Bologna ragù ndi nyama yophikidwa pang'onopang'ono, ndipo tomato amangothandizira. Amayamba ndi kusungunula mafuta a nyama ya nkhumba yotchedwa pancetta, kenako anyezi, karoti ndi selari zoduladula bwino, zofanana kuchuluka, n'kuzikazinga pa moto wochepa mpaka zitafewa osapserera. Pakatero amaika nyama ya ng'ombe yogaya mokhakhala, vinyo, tomato pang'ono, ndipo poto amabwata mwakachetechete kwa maola awiri kapena atatu. Mu 2023 bungwe lija la Accademia Italiana della Cucina linakonzanso kaphikidweka: mkaka, umene unali m'kaphikidwe ka 1982, linausiya kuti wofuna aziika, koma adyo linamukana. Ambirife adyo timamuika ndithu. Kungoti a ku Bologna sangautchenso ragù wa kwawo.

Maola amenewa ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kufewetsa minyewa yolimba ya mu nyama mpaka isungunuke n'kusanduka zonanda zimene zimagwira msuzi ukazizira. N'chifukwa chake nyama yotsika mtengo, yamitsempha ndi mafuta pang'ono, imaposa ya mnofu wokhawokha. Yachiwiri ndi kuphwetsa madzi. Tomato wa pamsika ndi madzi pafupifupi yense, magawo oposa 90 pa 100 aliwonse, ndiye wophika ndi tomato wamuwisi ayenera kupirira kuposa wophika ndi wa m'chitini. Poyesa, kokani mthiko pansi pa poto. Ngati kanjira kamene mwalambula kakutsekeka pang'onopang'ono, msuzi wakwana pa pasta wowiritsa. Ngati kakutsekeka nthawi yomweyo ndi madzi ofiira, upitirire kubwata, pokhapokha ngati mapepala anu ndi osawiritsa.

Nyama musaikhuthulire yonse m'chiwaya chaching'ono. Imatulutsa madzi n'kuyamba kuwira m'malo mokazingika, ndipo imatuwa. Ikani pang'onopang'ono pa moto wamphamvu kuti ichite bulauni.

Osadya nkhumba angayambe ndi batala kapena mafuta ophikira, ndipo osamwa vinyo angaike msuzi wa mafupa ndi kadontho ka viniga. Kugayitsa nyama imene mwasankha nokha kulinso ndi ubwino wake. Okhala ku Britain akukumbukira za 2013, pamene lasagna ya m'mafiriji ya Findus yolembedwa kuti ndi ya ng'ombe inapezeka ndi nyama ya hatchi, m'mapaketi ena yokhayokha. Nyama ikagayidwa n'kubisika pakati pa pasta, maso sangaizindikire.

Msuzi woyera

Besciamella ndi mkaka wolimbitsidwa ndi ufa wa tirigu wokazinga mu batala. Aliyense amene anaphikapo phala amaudziwa kale mchitidwe wake: ufa ukakumana ndi madzi otentha umatupa n'kulimbitsa zonse, ndipo ukathiridwa mosasamala umachita mibulu. Kusiyana kwake n'kwakuti pano ufa umayamba wakutidwa ndi mafuta, zimene zimaulekanitsa kuti usaundane mkaka ukafika.

Sungunulani batala magalamu 50, thirani ufa magalamu 50, takasani kwa mphindi ziwiri kuti fungo la ufa wauwisi lichoke koma usade. Kenako thirani mkaka pang'onopang'ono mukutakasa osaleka, mpaka mamililita 600 kapena 700. Poyamba zimaoneka ngati zawonongeka, zimachita chibulumwa cholimba, koma mukapitiriza zimasalala. Ubwate mphindi zisanu, muike mchere ndi chonunkhiritsa cha nutmeg pang'ono. Wa lasagna uzitha kuthirika kuchoka m'chipande. Ukalimba mpaka kuima, pasta sapezamo chakumwa.

Dzina lake amati linachokera kwa Louis de Béchameil, kapitawo wa kunyumba ya Mfumu Louis XIV ya ku France, ndipo ndi ophika a ku France amene anaukhazikitsa kukhala umodzi mwa misuzi ikuluikulu. Ataliyana ena amati unachokera kwawo ku Toscana ndipo unapita ku France ndi Caterina de' Medici, amene anakwatiwa kumeneko mu 1533. Olemba mbiri ya zakudya ambiri amati nkhani ya Caterina ilibe umboni wolembedwa, koma ikunenedwabe.

Ntchito yake m'mbale ndi yaikulu kuposa kukoma. Sitachi amene ali mmenemo amagwira madzi n'kumawapereka kwa pasta pang'onopang'ono, komanso amagwira mafuta a tchizi kuti asayandame. Ichi n'chifukwa chake cheddar wosungunulira mu msuzi woyera amakhala wosalala, pamene cheddar yemweyo wowaza yekha amatha kutulutsa mafuta.

Tchizi: chilichonse ndi ntchito yake

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimapita, ndiponso pamene anthu amalakwitsa kwambiri, poganiza kuti tchizi ndi tchizi basi.

Tchizi ndi mapuloteni a mkaka olukanalukana amene agwira mafuta ndi madzi m'kati mwake. Chikatenthedwa, mafuta amasungunuka ndipo kulukanako kumamasuka. Mmene chimasungunukira zimadalira madzi amene chili nawo, nthawi imene chakhala chikukhwima, ndi chimene anaundanitsira mkakawo. Mu lasagna tchizi chimagwira ntchito zitatu, ndipo palibe mtundu umodzi umene umazitha zonse.

Yoyamba ndi kukometsa, ndipo imeneyi ndi ya tchizi cholimba chokhwima. Parmigiano Reggiano amapangidwa m'madera a Parma, Reggio Emilia, Modena ndi mbali zina za Bologna ndi Mantova okha, ndipo sagulitsidwa asanathe miyezi 12. Chigubu chimodzi chimalemera pafupifupi makilogalamu 40 ndipo chimadya malita a mkaka pafupifupi 550. Mukamva mtengo wake, kumbukirani zimenezo. M'miyezi yonseyo madzi amachoka ndipo mapuloteni amaduka kukhala tizigawo tokoma kwambiri, koma poti aduka, sangatamuke. Grana Padano, amene amakhwima miyezi 9 kupita m'tsogolo, amagwira ntchito yomweyo pa mtengo wotsikirapo.

Yachiwiri ndi kutamuka, ntchito ya mozzarella. Popanga mozzarella amaviika mkaka woundana m'madzi otentha n'kumaukoka ndi kuupinda mpaka mapuloteni atandanda mbali imodzi, ndipo ulusi umene mumauona ponyamula chidutswa ndi womwewo. Koma mozzarella alipo awiri. Woyera wofewa wogulitsidwa m'madzi, kuphatikizapo wa mkaka wa njati zoweta za ku Campania, chigawo chimene kuli Napoli, kuposa theka lake ndi madzi, ndipo madziwo amatuluka mu uvuni. A ku Napoli amamudula n'kumusiya akhe kwa maola angapo asanamuike. Wolimba wachikasu pang'ono, wa pa pizza uja, ali ndi madzi ochepa, amasungunuka bwino ndiponso amachita bulauni. Kukoma kwake n'kochepa, n'chifukwa chake amafuna mnzake wokhwima.

Yachitatu ndi kudzaza, ntchito ya ricotta. Ricotta weniweni amapangidwa potenthetsanso madzi otsala popanga tchizi china, mpaka mapuloteni otsalira atayandama. Tchizi choundanitsidwa ndi moto komanso zowawasa sichisungunuka, ngakhale uvuni utenthe bwanji. Chimangokhala chofewa, ndipo chikapsa kwambiri chimachita mseche. Aku America amasakanizamo dzira kuti muyalowo ugwirane, pamene a ku Napoli amamufewetsa pomusakaniza ndi chipande cha ragù. Ngati ricotta sakupezeka, chofanana naye chimapangika kunyumba: tenthetsani malita 2 a mkaka mpaka utatsala pang'ono kuwira, tsitsani, thirani masupuni 4 kapena 5 a madzi a mandimu, dikirani mphindi 10, kenako sefani pa nsalu yoyera. Mkaka wokhalitsa wa m'mabokosi uja suundana bwino, ndiye funani wamba.

M'masitolo a kwathu kuno chopezeka kawirikawiri ndi cheddar ndi gouda. Zonse zimasungunuka bwino zikakhala zosakhwimitsa. Cheddar wokhwima amakoma kwambiri koma sachedwa kutulutsa mafuta, choncho malo ake abwino ndi mu msuzi woyera, mutautsitsa pa moto. Tchizi chogula chopalapala amachiwaza sitachi kapena zina zoletsa kumatirirana, ndipo chimasungunuka mosasalala poyerekeza ndi chopala nokha. Muziwerenganso paketi, chifukwa zina zooneka ngati tchizi zimapangidwa ndi mafuta a zomera.

Nanga chichuluke bwanji? M'mbale ya anthu 6, magalamu 200 mpaka 300 ndi okwanira kwa ambiri. Maganizo anga ndi akuti kupitirira apo tchizi chimayamba kulanda malo a zinzake: mafuta amasonkhana pamwamba, mchere umachuluka, ndipo chikazizira pang'ono chimachita chikopa chovuta kudula. Okonda ya ku America angatsutse, ndipo kwa iwo kutamukako ndiye lasagnayo.

Kusanja, kuwotcha, kudikira

Pa mbale ya masentimita 20 mulifupi ndi 30 mulitali, nyama theka la kilogalamu, pasta magalamu 250 ndi msuzi woyera wa muyeso uja zimakwana. Pansi pazikhala msuzi pang'ono kuti pasta asamatirire. Kenako pasta, ragù, msuzi woyera kapena ricotta, tchizi, n'kubwerezanso. Miyalo inayi kapena isanu yopyapyala imagwirana bwino kuposa iwiri yochindikala, chifukwa chimene chimaimitsa chidutswa ndi pasta. Pamwamba penipeni pasakhale pasta woonekera. Ngati mukuika sipinachi, bowa kapena mabiringanya, zikazingeni kaye zitaye madzi.

Uvuni ukhale pa madigiri 180 a Celsius, ndipo nthawi yonse ndi mphindi 40 mpaka 45. Mphindi 25 zoyamba vundikirani kuti nthunzi ipsetse pasta, kenako vundukulani. Pamwamba sipangachite bulauni pakadali ponyowa, chifukwa madzi salola kutentha kupitirira madigiri 100, pamene kusintha kumene kumabweretsa mtundu ndi fungo lokoma lija kumafuna madigiri 140 kupita m'mwamba. Kusinthaku anakufotokoza ndi wasayansi wa ku France Louis-Camille Maillard mu 1912, ndipo n'komwenso kumachitika pa khungu la buledi.

Ngati mwavundikira ndi foyilo pa mbale yachitsulo, foyiloyo isakhudze chakudya, makamaka mukamasunga usiku wonse. Zitsulo ziwiri zosiyana zikalumikizidwa ndi msuzi wa mchere ndi tomato zimapanga kamphamvu ka magetsi ngati batire, ndipo m'mawa mumapeza foyilo yabooka timabowo, tamadontho totuwa tili pa tchizi.

Wopanda uvuni, kapena amene magetsi amuthimira pakati pa ntchito, angawotche mmene timawotchera chigumu: poto wochindikala, makala ochepa kwambiri pansi, ambiri pa chivundikiro. Choopsa ndi kupserera pansi, choncho msuzi wa pansi uchuluke ndipo poto azizungulitsidwa pa makalapo.

Ikapsa, isiyeni mphindi 15 kapena 20 musanadule. Apa ndi pamene ambiri amagonja, fungo litadzaza nyumba ndipo ana akuzungulira khitchini. Koma lasagna yongotuluka kumene imakhala ikadali yamadzi m'kati. Ikamazizira, sitachi amalimba, zonanda za mu nyama zimagwira, ndipo pasta amamaliza kumwa zotsala. Mukaidula msanga, miyalo imatererana n'kugwa. Pa chifukwa chomwechi mkute wake umadulika bwino kuposa ya tsiku loyamba. Yotsala ilowe m'firiji maola awiri asanathe, ndipo potenthetsanso itenthe mpaka pakati penipeni, pafupifupi madigiri 75.

Zimene sizinathe

Ndani ali ndi ufulu wonena kuti iyi ndiye lasagna yeniyeni? Zimene zinasungitsidwa ku Bologna si lamulo, ndipo eni akewo anasintha kaphikidwe ka ragù patatha zaka 41. Mu 2023 Alberto Grandi, mphunzitsi wa mbiri ya zakudya pa yunivesite ya Parma, anautsa mapiri pachigwa atauza nyuzipepala ya Financial Times kuti zambiri zimene Ataliyana amati ndi miyambo yakale zinakhazikika nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Mabungwe a alimi ndi opanga zakudya anamutsutsa kwambiri, ndipo mtsutsowo ukadalipo.

Dzina la tchizi nalonso lili pa mkangano. Mu 2008 khoti la European Union linagamula kuti dzina lakuti Parmesan ndi la Parmigiano Reggiano yekha m'mayiko ake, pamene ku United States aliyense wopanga tchizi cha mtunduwo angalembe dzinalo. Choncho mapaketi awiri olembedwa mofanana pa shelefu ya ku Johannesburg kapena ku Lilongwe angakhale ndi zinthu zosiyana, malinga ndi kumene achokera.

Ngakhale pa kusunga, akuluakulu a zaumoyo sanena chimodzi. A ku United States amalola chakudya chophika kukhala m'firiji masiku 3 kapena 4, pamene a ku Britain amalangiza masiku 2, ndipo onsewa amaganizira firiji imene sizima.

Kukhitchini nako kwatsala mafunso amene ophika odziwa amayankha mosiyana. Ena amasanja lasagna dzulo lake kuti pasta ayambiretu kumwa, ena amati zimenezo zimamufewetsa mopitirira. Ena amaika ragù ndi msuzi woyera padera pa muyalo uliwonse, ena amasakaniza ziwirizi mu poto asanayambe kusanja. Ndipo tchizi cha pamwamba, ena amachiwaza pachiyambi kuti chilowerere mu msuzi, pamene ena amadikira mpaka povundukula kuti chisamatirire ku chivundikiro.